Kambale Kakang'ono ka Bambo

Bambo atamwalira, amayi anasamukira kwa achemwali, ndipo katundu wa m'nyumba anagawidwa mwachilungamo chachikulu, monga zimakhalira m'banja la anthu okondana. Achimwene anatenga galimoto, poti ndi iwo okha amene anali ndi garaja, ndipo sikukanakhala kulemekeza malemu kuti galimoto yawo izigona panja ngati mbuzi. Achemwali anatenga firiji ndi mipando ya pabalaza uku akulira, ati sakanapirira kuona zinthuzo zili m'manja mwa anthu osadziwa mbiri yake. Mzime, amene anabadwa pomalizira ndipo dzina lake lenileni pabanjapo analiiwala kalekale, anamusungira chinthu chimene onse anagwirizana kuti ndicho chinali pamtima pa bambo: galamafoni yakale, ampulifaya yake, masipika awiri ndi makatoni awiri a mbale za nyimbo.

"Iwe ndiye wachita mwayi," anatero achimwene, akuzungulitsa makiyi a galimoto pachala.

Mzime anathokoza. Mwayiwo unali utatha zaka khumi ndi zisanu osalira. Chivindikiro chake chinali chong'aluka pakona, ndipo atachitukula munatuluka fungo la mphemvu, kenako munatuluka eni ake fungolo. Anaukweza mwayi wakewo pa teksi n'kukauika pansi pa tebulo lodulira nsalu mu shopu yake yosokera, m'mene unagwira ntchito yotamandika kwa miyezi khumi ndi umodzi monga poponyapo zidutswa za nsalu.

Tsiku lina m'mawa, Mzime ali ndi mapini pakamwa akuyeza siketi ya kasitomala, achimwene anaimba foni. Anati chaka chikukwana chimwalirireni bambo, ndipo iwo monga mutu wa banja akonza zoti anthu adzasonkhane kunyumba kwawo pakatha masabata atatu. Abusa adzabwera, anzawo a bambo a kuntchito amene akadali ndi moyo adzabweranso. Pulogalamu anali atalemba kale, ndipo pa nambala sikisi panali Nyimbo ya Bambo, yoti idzaimbidwe pa galamafoni ya bambo yomweyo. Mzime analavula mapini n'kunena kuti makinawo ndi akufa. Achimwene anayankha kuti iye amagwira makina tsiku ndi tsiku, ndiye makina ndi makina basi, ndipo anadula foni chifukwa anali ndi zina zofunika.

Nyimbo ya Bambo panalibe mwana wa m'nyumbamo amene akanaiiwala. Lamlungu lililonse masana, mbale zodyera zikatsukidwa, bambo ankaitana ana onse pabalaza, n'kutulutsa kambale kakang'ono, kochepa kusiyana ndi zinzake, kokhala ndi bowo lalikulu pakati. Pepala la dzina lake linali litamatuka kale, moti palibe amene ankadziwa woimba. Ankakapukuta ndi mpango wa m'thumba, n'kukagoneka, n'kutsitsa singano. M'masipika munkatuluka mawu a mwamuna okhala ngati akuchokera pansi pa mgolo, okoka, obuula, ngati a munthu amene akukankha wilibala yodzaza miyala pamtunda. Mawu a nyimboyo sankamveka, koma chisoni chake chinkamveka. Bambo ankati timbale ting'onoting'ono timapangidwira nyimbo zosinkhasinkha, ndipo mwana wogwedera pampando ankalandira diso. Ana ankazyolika. Amayi kawirikawiri sankafika nayo kumapeto nyimboyo. Ankanyamuka atagwira nsalu pakamwa n'kupita kukhitchini mapewa akunjenjemera, ndipo ana anakula akudziwa kuti amayi awo ndi munthu wa mtima wofewa.

Madzulo a tsiku la foni ija Mzime anaitengera galamafoniyo ndi katundu wake yense kunyumba, komwe inakumana ndi mwamuna wake. Bamboyu ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo pachifukwa chimenechi ankadziwa chilichonse chokhala ndi mota, kuyambira ndege mpaka makina ometera. Anavula wotchi, anapinda malaya, n'kulumikiza mawaya. Masipika anayamba kung'ung'udza ngati njuchi zalowa m'denga. Gudumu lomwe mbale imagonapo silinasunthe. Iye anaimenya kumbali ndi chikhatho kawiri, n'kuimenyanso kachitatu mwamphamvu kuti asadzanene kuti sanayesetse, kenako analengeza kuti injini yatha.

Poti injini inamukana, anatembenukira kwa mbale. Zambiri zinali zitachita chuku, zina zitamatirira ku mapepala ake. Loweruka, Mzime ali ku shopu, mwamuna wake anasankha imodzi yaikulu kuti asonyeze chitsanzo. Anaichapa ndi sopo wochapira zovala, anaikwecha ndi burashi ya nsapato, n'kuiyanika padenga la galimoto ya kuntchito kuti iume bwino ndi dzuwa. Inaumadi. Pobwera Mzime anapeza mbale itapindika ngati chipewa cha mlimi, ndipo mwamuna wake akufotokoza kuti pulasitiki ya kale sinali yolimba monga anthu amanenera. Mzime sanakangane naye. Anatenga chipewacho n'kukaikamo mabatani ku shopu, ndipo makatoni onse awiri anawakweza pamwamba pa kabati, pomwe munthu wa mimba ngati ya mwamuna wake sakanafika popanda kuitana anthu.

Kuseri kwa siteji ya basi kunali kanjira kopapatiza ka okonza mafoni, ndipo kumapeto kwake kunali mkulu wina amene anayamba ntchito nthawi imene mawailesi anali aakulu ngati bokosi la zovala. Anthu ankamutcha Bwerani Mawa. M'kashopu kake munali mawailesi ndi ma TV ounjikana mpaka kudenga, chilichonse chili ndi kapepala ka mwini wake, ndipo ena mwa eni akewo ayenera kuti anali atatsogola kale kumanda akudikira mawa. Mzime anapita Lolemba ndi galamafoni yokulunga m'nsalu, ndipo anauzidwa kuti abwere mawa. Anapita Lachiwiri, anapeza nsalu yake isanamasulidwe, ndipo pamwamba pake atatsamiritsapo kapu ya tiyi. Lachitatu anapita ndi diresi la ukwati la kasitomala, singano ndi ulusi, anachotsa wailesi ina pampando n'kukhala, n'kuyamba kusokerera mikanda. Ananena mwaulemu kuti mikandayo ilipo mazana anayi ndipo iye sakufulumira.

Mzime atafika pa mkanda wa makumi atatu, mkuluyo anausa moyo n'kuchotsa kapu ya tiyi.

Anatukula gudumu lija n'kumuonetsa zimene zinali pansi pake. Lamba amene ankayenera kulumikiza kamota ndi gudumu anali atasungunuka n'kusanduka phula lakuda lomata zala. Kenako anayang'ana mkono wonyamula singano, ndipo anavula magalasi n'kuwavalanso. Kumutu kwa mkonowo kunali nati yachitsulo yomangidwa ndi selotepi.

"Bambo anu ankamvera nyimbo kapena ankalima?" anafunsa.

Mzime anati bambo anaika natiyo kuti singano isamadumphe. Mkuluyo anati n'zoona siinkadumpha, monga khasu silidumpha, ndipo anaifotokoza nkhani yonse ngati akudzudzula Mzimeyo. Singano ikamadumpha ndiye kuti yatha kapena mbale yada. Kuilemetsa n'kungokumba timizere ta nyimbo. Kulemera kwa mkono kumakonzedwa ndi kachitsulo kozungulira kakumbuyo kwake, osati ndi zida za njinga. Njuchi za m'masipika zimene Mzime anadandaula zinkabwera chifukwa kawaya kena kopyapyala, kamene kanali kungolendewera, kankayenera kumangidwa pa kasikuluu kumbuyo kwa ampulifaya. Pa za mbale, anati asayerekeze kuzigwira pamimba, azizigwira m'mphepete ngati chithunzi. Azizitsuka ndi madzi aja othira mu batire la galimoto, osati asidi, madzi chabe, ndi kadontho kamodzi ka sopo wa mbale zodyera, pogwiritsa ntchito kansalu kofewa, motsatira timizere, osanyowetsa pepala la pakati. Ziziuma pamthunzi, ndipo zizisungidwa choimirira ngati mabuku, osati kusanjikiza. Anafunsa ngati pali wina amene wazigwirako kale. Mzime anati ayi, poganizira kuti ukwati ndi chinthu chofunika kuuteteza.

Mkuluyo anafufuza m'chitini cha mabisiketi n'kupeza singano yatsopano imene inadikira mwini wake zaka zambiri. Malamba anali nawo mtolo wathunthu pamsomali, koma anati kupeza woyenera kumafuna nthawi, choncho aisiye galamafoniyo abwere mawa. Mzime anatulutsa ulusi, anauzunguliza pomwe lamba amadutsa, anauyeza pa tepi yake, n'kuchotsapo pang'ono kuti lambayo adzagwire, monga amachitira ndi lasitiki wa m'chiuno. Anasankha yekha lamba pamsomalipo, analipira, n'kukulunganso katundu wake. Mkuluyo anaoneka wokhumudwa kuona chinthu chikutuluka m'shopu mwake. Mzime ali pakhomo, mkuluyo anamuuza kuti akamaliza ayese liwiro: mbale zazikulu zimafuna kuti gudumu lizungulire ka handiredi pa mphindi zitatu, ndipo timbale ting'onoting'ono ta bowo lalikulu timafuna kuti kachitsulo kosinthira liwiro kakhale pa 45.

Mzime anati kachitsuloko sikasuntha, kanabadwa kali pa 33. Mkuluyo anati palibe chimene chimabadwa chosasuntha, n'kubwerera ku tiyi wake.

Masiku atatu otsatira, makasitomala a Mzime anaphunzira mawu atsopano akuti bwerani mawa. Anayala nyuzipepala patebulo lodulira nsalu n'kupala phula lija ndi kansalu konyowetsa sipiriti mpaka zala zake zinada ngati za makanika. Anathira kadontho ka mafuta a makina osokera pa mtsitsi wa gudumu. Anachotsa nati ya bambo, anaika singano yatsopano, n'kuzungulitsa kachitsulo kakumbuyo mpaka mkono unatera mopepuka. Anamanga kawaya kaja, ndipo njuchi zinasamuka. Ataika lamba n'kuyatsa, gudumu linayamba kuzungulira mwakachetechete, ngati kuti zaka khumi ndi zisanu linangopita kukagula mchere. Analemba kachizindikiro ndi choko chake m'mphepete mwa gudumu, anatchera wotchi ya pafoni, n'kuwerenga. Zinakwana handiredi ndendende. Anayang'ana uku ndi uku kuti wina amuyamikire, koma m'shopumo munali chidole choyezera madiresi chokha, chopanda mutu.

Kenako anaitembenuza galamafoniyo chafufumimba, n'kumasula thabwa lapansi kuti aone chimene chinagwira kachitsulo ka liwiro. Anayembekezera dzimbiri. Anapeza kamtengo ka machesi kokhomeredwa bwinobwino pamalo pamene kachitsuloko kankayenera kudutsa, kopakidwa guluu mbali zonse, ndipo pamwamba pake pali waya wamkuwa wopotedwa katatu n'kupindidwa nsonga. Mapotedwe amenewo Mzime ankawadziwa. Ndi omwe anagwira chitseko cha kabati yawo, chogwirira ketulo ndi magalasi a bambo kwa zaka zonse za ubwana wake. Anadula wayayo, anapala guluu ndi kampeni kosomolera ulusi, n'kuzula kamtengo. Kachitsulo kanasuntha kupita pa 45 ndi kaphokoso kakang'ono, kopanda vuto lililonse.

Anatsuka kambale ka bambo monga anauzidwira, anakaumitsa pamthunzi, n'kukagoneka. Singano itatera, kunalira gitala wothamanga ngati akuthawa galu, ng'oma zikumutsatira, ndipo kenako kunaimba mkazi. Anali mtsikana wa mawu akuthwa, oseka, ndipo liwu lililonse linkamveka mbee. Ankauza mnyamata amene anabwera kudzamufunsira kuti jekete wavalayo ndi lokongola, koma mwini wake akumudziwa, ndipo manja ake akubisa zala. Ankamuuza kuti apite akabweze jeketelo mwini asanazizidwe, adzabwere ndi malaya ake omwe ong'ambikawo, mwina adzamuganizira.

Mzime anakhala pansi pampando wa makasitomala. Anabweza kachitsulo pa 33, ndipo mwamuna wa mu mgolo uja anabwerera ndi wilibala yake. Anakakankhira pa 45, mtsikana anabweranso ndi jekete. Anachita zimenezi kangapo, mpaka anaseka yekha misozi ili m'maso, osadziwa kuti misoziyo ndi ya chiyani. Anakumbukira Malamlungu onse amene anakhala chozyolika, mwendo ukuyabwa koma osaukanda, polemekeza jekete lobwereka.

Anaimbira achimwene kuti awachenjeze. Anangofika ponena kuti galamafoni ikulira koma pali nkhani ya liwiro, achimwene n'kumudula kuti za umisiri asawavutitse nazo, iwo akufuna nyimbo ya bambo monga bambo ankaiimbira, ndipo mapulogalamu asindikizidwa kale pa pepala lonyezimira. Anaimbira achemwali, amene atangomva mawu akuti nyimbo ya bambo anayamba kulira, moti nkhaniyo inathera pa kuwatonthoza. Amayi sankakhala ndi foni m'manja. Yawo achemwali ankaisunga kuti isawasokoneze. Mzime anaganiza kuti munthu akapempha nyimbo monga bambo ankaiimbira, ampatse zomwezo. Iye ndi telala: kasitomala akafuna thalauza lalifupi mwendo umodzi, amasoka.

Tsikulo linafika. Pabalaza pa achimwene panadzaza mipando yapulasitiki yobwereka ku tchalitchi. Chithunzi cha bambo chinali patebulo, atavala tayi, akuyang'ana aliyense ngati wachedwa. Kutsogolo kunakhala abusa ndi nkhalamba zitatu zimene zinagwira ntchito ndi bambo, ndipo amayi anali pampando wa khushoni, ndodo ili pakati pa maondo. Mwamuna wa Mzime ananyamula masipika kuchokera m'galimoto, ndipo pofika pakhomo anali atauza kale anthu awiri kuti ntchito yokonzayo inali yovuta koma anaigonjetsa.

Nambala wanu mpaka faifi zinayenda bwino. Achimwene analankhula kwa mphindi makumi anayi za kudzichepetsa kwa bambo ndi mmene iwo anatengera khalidwelo. Pofika pa nambala sikisi anatsitsa mawu. Anati bambo anali munthu wozama, wosakonda zachibwana, ndipo nyimbo imene anthu amve tsopano ndi imene inaumba banja lino. Anati iwo akukhulupirira kuti woimbayo akunena za ulendo wa munthu pansi pano, ndipo anapempha onse kuti aweramitse mitu.

Mzime anagwira kambale m'mphepete, anakagoneka, anaonetsetsa kuti kachitsulo kali pa 33, n'kutsitsa singano. Mwamuna wa mu mgolo anayamba kubuula, momveka bwino kuposa kale lonse poti tsopano anali wosamba. Mitu inawerama. Achemwali anayamba kusisima pa mzere woyamba. Abusa anatsinzina n'kumagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati akumva liwu lililonse. Nkhalamba imodzi inati mmm. Achimwene anapukuta diso ndi chala chachikulu.

Ndodo inagogoda pansi kawiri.

"Mzime," anatero amayi, osatsitsa mawu n'komwe. "Paja unati wakonza?"

"Ndakonza, amayi."

"Kamtengo kaja unachotsa?"

Mzime anaona mitu ikudzuka umodziumodzi. Anati anachotsa.

"Ndiye ukutizunziranji? Kankha kachitsuloko."

Mzime anayang'ana achimwene. Anayang'ana amayi. Pa anthu awiriwa, amene anamubereka anali mmodzi. Anatukula singano, anakankha kachitsulo, n'kuitsitsanso poyambira.

Gitala anathamanga m'chipindamo, ndipo mtsikana uja anayamba kumuvula mnyamata jekete pamaso pa abusa. Achemwali anasiya kulira pakati pa mpweya, mpango uli m'mwamba. Nkhalamba imene inati mmm ija inayamba kugwedeza phazi, kenako inazindikira kuti ili pa mwambo wa malemu n'kuligwira phazilo ndi dzanja. Amayi ankaimba nawo chapansipansi, liwu ndi liwu, osaphonya ngakhale pamene mtsikanayo amaseka.

Nyimbo itatha, inali yaifupi modabwitsa, achimwene anati Mzime waononga makina a bambo. Amayi anawauza kuti akhale pansi. Anati kambaleko si ka bambo awo, ndi kawo, anagula okha ali mtsikana akugwira ntchito m'sitolo ya nsapato. Bambo awo tsiku loyamba kubwera kwawo kudzaonekera anavala jekete la msuweni wawo, munthu wamtali ngati mlongoti, moti popereka moni amayenera kuyamba akwinya dzanja la jekete kuti zala zituluke. Amayi anagula kambaleko n'kuwapatsa ngati mphatso ya ukwati. Alongo awo a amayi akabwera kudzacheza ankakaimba mpaka kugwa m'mipando ndi kuseka, mlamu wawo ali pomwepo akuwathirira tiyi. Tsiku lina alendowo atabwera anapeza kachitsulo kauma, bambo akudandaula kuti zinthu za masiku ano sizikhalitsa.

Achemwali anafunsa ndi mawu ang'ono kuti nanga n'chifukwa chiyani bambo ankaiimba Lamlungu lililonse, ngati inkawachititsa manyazi.

"Inu mukazyolika, iwo ankandiyang'ana ine," anatero amayi. "Ankakokera dzanja la malaya mpaka kubisa zala, nkhope ili gwa ngati ali m'khoti. Ndiye ine ndikanatani? Ndinkathawira kukhitchini."

"Tinkati mukukalira," anatero achemwali.

"Misozi inkatuluka ndithu."

Anthu ankafuna kuseka koma ankadikira wamkulu ayambe. Abusa anakonza kukhosi n'kunena kuti chimwemwe m'banja ndi mphatso, ndipo anafunsa ngati kungakhale kulakwa kuimvanso kamodzi, poti mawu ena anawaphonya. Anaimvanso kawiri. Nambala seveni, imene inali ndakatulo ya achimwene yonena za ulendo womwe uja wa munthu pansi pano, inadumphidwa popanda woifunsa. Pa nthawi ya chakudya nkhalamba zija zinakumbukira nkhani zina za bambo zimene sizinali pa pulogalamu, ndipo amayi anadya kuposa mmene anadyera chaka chonsecho. Achimwene anakhala kukhonde akuyang'ana foni. Potsanzikana anauza Mzime kuti zinthu zina munthu wanzeru amazisiya mmene wazipezera, ndipo Mzime anavomera kuti n'zoona, n'kuwapempha kuti amugwirire chitseko adutse ndi ampulifaya.

Galamafoni inabwerera ku shopu, koma pa shelefu, kutali ndi zenera. Mzime anapempha kalipentala woyandikana naye kuti amukhomere bokosi loti mbale ziziimirira, ndipo tsiku lililonse akamapuma masana ankatsuka ziwiri kapena zitatu n'kuzisokera timatumba ta nsalu yofewa m'malo mwa mapepala odyeka aja. Zina zinali zitalimidwa ndi nati ya bambo moti sizinachire, zinkangothetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto. Zambiri zinalira. Achemwali anaimba foni kunena kuti poganiza bwino galamafoniyo ikanakhala bwino pabalaza pawo, pafupi ndi amayi. Mzime anati angasangalale kwambiri, ndipo anafunsa kuti firiji adzaitumiza tsiku liti. Nkhaniyo sinabwerenso.

Achimwene anakhala mwezi wathunthu osamuyankhula. Kenako Lachinayi lina masana anatulukira pa shopu atanyamula thalauza loti alifupikitse, ngakhale kuti pafupi ndi ofesi yawo panali atelala asanu. Mzime anawayeza, anabaya mapini, n'kuwauza tsiku lodzatenga. Iwo sanachoke. Anayang'ana nsalu za m'mashelefu, anafunsa mtengo wa zipi imene sankaifuna, anagwira chidole chopanda mutu paphewa. Potsiriza anafunsa, akuyang'ana kukhoma, ngati kachitsulo kaja kamabwererabe kumene kanali.

Mzime anati kamabwerera.

"Tandiikira kamodzi. Mmene tinkamvera muja."

Panali zinthu zingapo zimene Mzime akanatha kunena, ndipo zonse zinafika pamlomo nthawi imodzi, zina zabwino kwambiri moti zinamuwawa kuzimeza. Anapukuta manja, anatulutsa kambale m'kathumba kake, n'kubweza kachitsulo pa 33. Achimwene anatulutsa foni, anaiyandikiza pa sipika n'kuyamba kujambula mawu. Mwamuna wa mu mgolo anabuula m'shopu monse. Achimwene anaima chilili, munthu wa imvi ndi mimba yake, dzanja lili m'mwamba ndi foni, mutu utawerama pang'ono monga ankachitira ali ndi zaka khumi. Mzime anazimitsa makina osokera kuti asalowe m'mawuwo, n'kukhala manja ali pamiyendo.

Pakati pa nyimbo panalowa mayi wina wodzatenga yunifolomu ya mwana wake. Anaima pakhomo, anamvetsera pang'ono, n'kufunsa monong'ona ngati pachitika zovuta. Mzime anamukodola kuti akhale pabenchi adikire ithe, ndipo mayiyo anakhala, chikwama chili pamaondo, nayenso n'kuweramitsa mutu.